Chamba sichinola mutu wa wophunzira

LILONGWE – Nyengo ya mayeso a bungwe la MANEB ikamayandikira, ophunzira ambiri m'sukulu za sekondale amafunafuna njira zoti azichezera kuwerenga popanda kugwidwa ndi tulo. Ena amaviika mapazi m'madzi ozizira, ena amamwa khofi kapena tiyi wowawa, koma palinso ena amene amauzana kuti kusuta chamba kumatsegula mutu ndipo zomwe munthu wawerenga zimalowa msanga.

Chikhulupiriro chimenechi chimamvekanso m'sukulu zaukachenjede, ndipo sichikhudza achinyamata okha ayi. Masiku ano ogwira ntchito ambiri akuwonjezera maphunziro awo madzulo komanso kumathero kwa sabata, ndipo munthu wotopa ndi ntchito za mu ofesi savuta kukopeka ndi chilichonse chomwe wauzidwa kuti chimuthandiza kuika maganizo pa buku.

Nkhaniyi idakula kuyambira pomwe dziko lino lidasintha malamulo ake okhudza mbewuyi mu 2020. Ophunzira ena tsopano amatsutsa aphunzitsi awo ponena kuti ngati boma lidavomereza chamba, ndiye kuti ndi mankhwala abwino. Mphunzitsi wamkulu, mlangizi wa zamaphunziro kapena wazaumoyo amene wafunsidwa funso lotere ayenera kukhala ndi yankho loona, chifukwa kungoopseza kokha sikumusintha mwana amene akuona mnzake wosuta akukhoza mayeso.

Zomwe lamulo likunena

Mu 2015 yemwe adali phungu wa dera la kumpoto kwa boma la Ntchisi, a Boniface Kadzamira, adapempha Nyumba ya Malamulo kuti iganizire zolola ulimi wa mtundu wa chamba chosaledzeretsa chomwe amapangira nsalu, zingwe, mafuta ndi zinthu zina. Mbewuyi idayesedwa ku malo a kafukufuku wa zaulimi a Chitedze ku Lilongwe, ndipo mu February 2020 aphungu adavomereza lamulo lotchedwa Cannabis Regulation Act.

Lamuloli lidakhazikitsa bungwe la Cannabis Regulatory Authority lomwe limapereka ziphaso kwa ofuna kulima, kukonza, kusunga ndi kugulitsa chamba pa ntchito za mankhwala, za m'mafakitale komanso za kafukufuku. Wochita izi popanda chiphaso angathe kulipitsidwa chindapusa chofika K50 miliyoni ndi kukagwira ukaidi mpaka zaka 25.

Mu March 2024 aphungu adavomerezanso bilu yofuna kulola kuti mtundu wa chamba cha kuno kwathu nawo uzilimidwa motsata ndondomeko. Ngakhale zidatero, kusuta chamba pofuna kusangalala kapena pa zifukwa zina za munthu payekha kudakali mlandu pansi pa lamulo la Dangerous Drugs Act. Wophunzira wopezeka ndi chamba m'thumba sangadziteteze ndi lamulo la 2020.

Ndi zoona kuti kuchokera ku mbewuyi kumapangidwa mankhwala ovomerezeka m'maiko ena. Alipo ochepetsa nseru kwa odwala khansa amene akulandira chithandizo, ndipo mu 2018 dziko la America lidavomereza mankhwala ochokera ku chamba othandiza ana odwala mitundu ina yovuta ya khunyu. Mu December 2020 nthambi ya bungwe la United Nations yoona za mankhwala ozunguza bongo idachotsa chamba pa mndandanda wa mankhwala oopsa kwambiri opanda phindu lenileni kuchipatala, komabe idachisiya pa mndandanda wa mankhwala oyenera kuyang'aniridwa mokhwima. Mwa mankhwala onsewa palibe ngakhale amodzi omwe adavomerezedwa kuti azithandiza munthu kuwerenga kapena kuloweza.

Zomwe chamba chimachita mu ubongo

Mphamvu yoledzeretsa ya chamba imachokera ku chinthu chotchedwa THC, chomwe akatswiri awiri a ku Israel, Raphael Mechoulam ndi Yechiel Gaoni, adachipatula ndi kufotokoza mapangidwe ake mu 1964. Munthu akasuta, THC amadutsa m'mapapo kulowa m'magazi ndi kufika ku ubongo m'mphindi zochepa chabe. Kuledzera kumafika pachimake pasanathe ola limodzi ndipo kumatenga maola awiri kapena atatu, koma poti THC amasungika m'mafuta a m'thupi, zotsalira zake zimapezekabe kwa masiku angapo, ndipo kwa wosuta tsiku ndi tsiku zimatha masabata.

Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 akatswiri adapeza kuti mu ubongo muli timalo tapadera tomwe THC amamatirirapo. Mu 1992 zidadziwikanso kuti thupi la munthu limapanga lokha timadzi tofanana ndi THC tomwe timagwira ntchito pa timalo timeneti, koma pamlingo wochepa ndi pa nthawi yoyenera. Chamba chimathira mphamvu yochuluka nthawi imodzi m'malo momwe chilengedwe chidakonza kuti muzilowa pang'onopang'ono.

Timalo timeneti tachuluka kwambiri m'chigawo cha ubongo chotchedwa hippocampus, chomwe ntchito yake ndi kulandira zinthu zatsopano zomwe munthu waona, wamva kapena wawerenga ndi kuzikonza kuti zisungidwe kwa nthawi yaitali. Tingachiyerekeze ndi kalaliki wosunga mafayilo mu ofesi ya boma. Kalata ikafika koma kalaliki osailemba m'kaundula ndi kuiika mu fayilo yake, tsiku loifuna siipezeka ngakhale aliyense akuvomereza kuti idafika. Wophunzira amene wawerenga ataledzera ndi chamba amaona mawu onse pa tsamba ndipo angathe kuwamva pa nthawiyo, koma zambiri sizilowa mu fayilo.

THC amafooketsanso luso losunga zinthu zingapo m'mutu kwa kanthawi kochepa. Luso limeneli ndi lomwe munthu amagwiritsa ntchito posunga nambala pamene akuwerengera samu yaitali, kapena pokumbukira chiyambi cha chiganizo pomwe wafika kumapeto kwake. N'chifukwa chake wosuta amatha kuiwala zomwe amanena ali pakati pa nkhani.

Mu January 2017 bungwe la akatswiri a sayansi la ku America lotchedwa National Academies of Sciences, Engineering, and Medicine lidatulutsa lipoti litaunika zolemba za kafukufuku zoposa 10,000. Lipotili lidapeza umboni woti m'maola otsatira kusuta, munthu amavutika pa zinthu zitatu: kuphunzira zatsopano, kukumbukira ndi kuika chidwi pa zomwe akuchita. Izi ndi zomwe wophunzira amazifuna akatsegula buku.

Chifukwa chomwe wosuta amaonera ngati chikumuthandiza

Ophunzira amene amanena kuti chamba chimawathandiza nthawi zambiri sakunama dala. Pali zomwe amamvadi m'thupi mwawo, ndipo akuluakulu ayenera kuzimvetsa kuti athe kuyankha bwino.

Choyamba, chamba chimachititsa kuti chinthu wamba chioneke chozama ndi chosangalatsa, ndipo nthawi imaoneka ngati ikuyenda pang'onopang'ono. Munthu angathe kuyang'ana tsamba limodzi kwa theka la ola n'kuganiza kuti wawerenga mozama usiku wonse. Kumva kuti wamvetsa ndi kumvetsa kwenikweni ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo chomwe chimayesedwa pa mayeso ndi chachiwirichi. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chachiwiri, chamba chochepa chimachepetsa nkhawa kwa anthu ena, choncho wophunzira woopa mayeso amakhazikika mtima n'kukhala pansi. Koma mlingo ukakwera zotsatira zake zimatembenuka: mtima umathamanga, mantha amabwera ndipo ena amayamba kukayikira aliyense amene ali pafupi nawo. Chamba chogula mobisa chilibe muyeso, kotero wosuta sadziwa mphamvu ya chomwe wapatsidwa.

Chachitatu, munthu amene wazolowera kusuta tsiku ndi tsiku amagwidwa chibaba akakhala osasuta. Amakwiya msanga, amasowa tulo, safuna kudya ndipo maganizo ake sakhazikika. Akasuta zonsezi zimatha ndipo amathadi kuwerenga bwino kusiyana ndi mmene adalili m'mawa. Apa chamba changothetsa vuto lomwe chidayambitsa chokha. Kafukufuku amasonyeza kuti mwa anthu 11 aliwonse amene ayesa chamba, pafupifupi mmodzi amafika posatha kukhala popanda icho, ndipo mwa oyamba ali achichepere ndi mmodzi mwa 6 aliwonse.

Chachinayi, anthu amaona okhawo amene adasuta n'kukhoza. Amene adasuta n'kusiyira sukulu panjira sapezeka pa tsiku lolandira masatifiketi, ndiye palibe amene amawawerengera. Ngakhale kwa amene adakhozayo, palibe angadziwe kuti akadakhoza motani akadapanda kusuta.

Palinso ena amene amati chinsinsi chake n'kulowa m'chipinda cha mayeso utasutanso, kuti mutu ubwerere mmene udalili powerenga. Koma chomwe sichidasungidwe sichingatuluke, ndipo mayeso ali ndi nthawi yoikika pomwe chamba chimachedwetsa kuganiza. Pa nkhani yoti chimabweretsa nzeru zatsopano, akatswiri a pa yunivesite ya Leiden m'dziko la Netherlands adayesa anthu osuta kawirikawiri ndipo zotsatira zomwe adatulutsa mu 2015 zidasonyeza kuti amene adapatsidwa chamba champhamvu adapeza mayankho ochepa pa mafunso ofuna kuganiza njira zosiyanasiyana, pomwe chamba chochepa mphamvu sichidawonjezere kanthu.

Zomwe zidachitika ku Maastricht

Umboni womveka bwino wokhudza magiredi enieni a ophunzira udachokera ku Netherlands komweko, mu mzinda wa Maastricht. M'dzikolo akuluakulu amaloledwa kugula chamba chochepa m'malo ena odziwika. Poti Maastricht ali m'malire, mzindawu unkadzaza ndi alendo obwera kudzagula chamba, ndipo mu October 2011 kudakhazikitsidwa ndondomeko yoti m'malo amenewa muzilowa nzika za Netherlands, Germany ndi Belgium zokha.

Pa yunivesite ya mu mzindawu pamaphunzira achinyamata ochokera m'maiko ambiri. Ndondomekoyi idagawa ophunzira a m'kalasi imodzi m'magulu awiri: ena adapitiriza kugula mosavuta pomwe anzawo adatsekeredwa khomo chifukwa cha dziko lomwe adachokera. Aphunzitsi, mabuku ndi mayeso zidali zomwezo.

Akatswiri awiri a zachuma, Olivier Marie ndi Ulf Zölitz, adaunika magiredi oposa 50,000 a ophunzirawa asanaletsedwe ndi ataletsedwa. Zotsatira zomwe adasindikiza mu 2017 zidasonyeza kuti ophunzira amene adaletsedwa kugula chamba adayamba kukhoza bwino, ndipo mwayi wawo wopambana phunziro udakwera ndi pafupifupi maperesenti 5. Kusinthaku kudaoneka kwambiri pa maphunziro ofuna masamu komanso pakati pa ophunzira amene ankavutika kale m'kalasi. Chamba chikadakhala chothandiza kuwerenga, magiredi a oletsedwawo akadatsika.

Kuopsa koyamba uli wamng'ono

Ubongo wa munthu umapitirira kukula mpaka cha m'zaka 25, ndipo chigawo chakutsogolo, chomwe chimathandiza kukonza mapulani ndi kudziletsa, ndi chomwe chimamaliza kukhwima. Ophunzira olemba mayeso a JCE ndi MSCE komanso ambiri a m'sukulu zaukachenjede ali m'kati mwa msinkhu umenewu.

Mu mzinda wa Dunedin ku New Zealand akatswiri akhala akutsatira moyo wa anthu 1,037 obadwa mu 1972 ndi 1973. Mu 2012 Madeline Meier ndi anzake adalengeza kuti amene adayamba kusuta chamba ali achichepere n'kupitiriza kwa zaka zambiri adatsika pa mayeso oyeza nzeru, ena ndi mapointi ofika 8, pofika zaka 38. Akatswiri ena adatsutsa kuti mwina umphawi ndi mavuto a m'banja zidathandizira, ndipo kafukufuku wa ana amapasa yemwe adatuluka ku America mu 2016 sadapeze kusiyana kwenikweni pakati pa wosuta ndi mnzake wosasuta. Mtsutso umenewu ndi wokhudza kukula kwa chiwonongeko ndi kutalika kwake. Palibe mbali yomwe idapeza kuti chamba chimawonjezera nzeru.

Pa nkhani yomaliza sukulu, kafukufuku wa achinyamata a ku Australia ndi New Zealand yemwe adatuluka mu 2014 adapeza kuti amene ankasuta tsiku lililonse asanakwane zaka 17 adali ndi mwayi womaliza sekondale wotsika ndi maperesenti oposa 60 poyerekeza ndi amene sadasuteko.

Vuto lalikulu kuposa onse ndi matenda a misala. Mu 2019 Marta Di Forti ndi anzake adaunika odwala m'madera 11 a ku Ulaya ndi ku Brazil, ndipo adapeza kuti osuta tsiku ndi tsiku adali pa chiopsezo chodwala misala chochuluka katatu, ndipo osuta chamba champhamvu kwambiri tsiku ndi tsiku pafupifupi kasanu. Si wosuta aliyense amene amadwala, koma palibe njira yodziwiratu yemwe adzadwale, ndipo chiopsezo chimakula ngati m'banjamo mudakhalapo kale matenda otere. Chamba cholimidwa m'madera ngati Nkhotakota, chomwe kunja amachitcha Malawi Gold, chidatchuka chifukwa cha mphamvu yake yomweyo.

Kusiya kumabweza mphamvu yokumbukira

Kwa amene adayamba kale, chiyembekezo chilipo. Mu 2018 Randi Schuster ndi anzake a pa chipatala cha Massachusetts General ku Boston adayesa achinyamata 88 a zaka zapakati pa 16 ndi 25 amene ankasuta kawirikawiri. Gulu lina adalipempha kusiya kwa mwezi umodzi pomwe lina lidapitiriza. Amene adasiya adayamba kukumbukira bwino mawu atsopano, ndipo kusintha kwakukulu kudaoneka m'sabata yoyamba yomwe.

Sabata yoyambayo ndi yomwenso imavuta, chifukwa chibaba chimayamba pakatha tsiku limodzi kapena awiri ndipo chimatenga pafupifupi masabata awiri chisanazilale. Wophunzira wofuna kusiya ayenera kuuzidwiratu za izi, apo ayi adzaganiza kuti kusowa tulo ndi kusakhazikika kwa maganizo ndi umboni woti mutu wake sungagwire ntchito popanda chamba. Ndi bwinonso kuti ayambe kusiya kudakali miyezi mayeso asanafike, osati usiku woti mawa akulemba.

Njira zomwe zimathandizadi

Njira zomwe kafukufuku wa zamaphunziro adazitsimikizira sizifuna ndalama. Yoyamba ndi kugawa kuwerenga pa masiku angapo m'malo mounjika zonse usiku umodzi, mfundo yomwe katswiri wa ku Germany, Hermann Ebbinghaus, adaisonyeza kale mu 1885. Yachiwiri ndi kudziyesa wekha: kutseka buku, kulemba zomwe wakumbukira, kuyankha mafunso a mayeso a m'mbuyomu kapena kufotokozera mnzako. Yachitatu ndi kugona mokwanira, chifukwa ubongo umakhazikitsa zomwe waphunzira masana pa nthawi ya tulo. Wochezera usiku wonse amataya gawo la zomwe wavutikira.

Njira yodziyesa ingathandizenso mphunzitsi pokambirana ndi ophunzira. Muyeso wa kuwerenga si mmene munthu amamvera ali pa buku, koma kuchuluka kwa zomwe angalembe mawa lake buku litatsekedwa. Wophunzira amene wazolowera kudziyesa motere savuta kuzindikira kusiyana kwa kumva ngati wadziwa ndi kudziwa kumene.

Udindo wa adindo

Aphunzitsi aakulu ndi alangizi a zamaphunziro ayenera kukamba nkhaniyi poyera kumayambiriro kwa chaka cha maphunziro, makamaka m'sukulu zogonera komweko. Kuuza ophunzira kuti aliyense wosuta amapenga sikuthandiza, chifukwa iwo akudziwa ena amene sadapenge, ndipo akapeza bodza limodzi amakana zonse. Chowathandiza ndi kuwafotokozera mmene chamba chimasokonezera kukumbukira ndi kuwaphunzitsa njira zina zowerengera.

Mwana akapezeka akusuta, ndi bwino kufufuza chomwe chidamukankhira kumeneko. Kawirikawiri kumakhala kuopa kulephera, mavuto a fizi, imfa ya kholo kapena kutsalira m'mbuyo pa phunziro lina. Malamulo a sukulu ayenera kutsatidwa, komabe chilango chopanda uphungu chimangomusamutsa mwanayo kuchoka m'kalasi kupita kumene kuli ogulitsa. Makomiti a sukulu, mabungwe a makolo ndi aphunzitsi, mafumu ndi apolisi a m'madera ali ndi gawo lawo potseka njira zomwe chamba chimalowera m'sukulu.

Wophunzira amene wayamba kulankhula zosagwirizana, kumva mawu omwe ena sakumva, kudzipatula kapena kukayikira kuti anthu akumuchitira chiwembu ayenera kutengeredwa kuchipatala msanga. Thandizo limayambira ku chipatala cha boma, komwe angathe kumutumiza ku chipatala cha anthu odwala matenda a maganizo cha Zomba kapena ku zipatala za St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Matendawa amachizika bwino akagwidwa koyambirira.

Ogwira ntchito za ulimi ndi zofalitsa nkhani nawo ayenera kusamala akamafotokoza za phindu la ulimi wa chamba. Uthenga uliwonse wolimbikitsa mbewuyi uzinena momveka kuti chiphaso cholimira si chilolezo chosutira, chifukwa ana asukulu nawo amamvera wailesi.

Pa 26 June chaka chilichonse maiko amakumbukira tsiku lolimbana ndi kugwiritsa ntchito ndi kuzembetsa mankhwala ozunguza bongo, lomwe bungwe la United Nations lidakhazikitsa mu 1987. Kuno kwathu tsikuli limafika m'nyengo ya mayeso, pomwe ophunzira asankha kale njira zawo zowerengera. Maofesi a zamaphunziro, zaumoyo ndi zachinyamata m'maboma angachite bwino kukonzeratu misonkhano ya m'sukulu mu teremu yoyamba, kuti uthengawu uwafike ophunzira nthawi idakalipo.